Maginito a ku Queens ndi funso la mu 2006

Mlongo wanga anamwalira mu 2006 ali ndi zaka zinayi. Thupi linatentha masiku awiri, kenako anayamba kukomoka. Anathamanga naye pa njinga kuchokera kwathu ku Chia, kuchipatala anamupatsa kwinini, koma usiku wotsatira anangosiya kupuma. Pamaliro ena ankanong'ona za ufiti. Ine ndinatsala ndi funso: ngati mankhwala analowa m'thupi, chinamupha n'chiyani?

Kumbe funso lomweli linkawasowetsanso tulo madokotala. Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University anayamba kufufuza malungo a muubongo kuno ku Malawi mu 1986, pamodzi ndi Malcolm Molyneux. Ku Queens anapima mitembo ya ana kwa zaka zambiri, koma yankho silinkakwana. Pankafunika kuona ubongo wa mwana akadali moyo.

Mu 2008 ku Queens kunafika makina a MRI, oyamba m'dziko muno. Mtima wake ndi maginito. Thupi lathu ladzaza madzi, ndipo m'madzimo muli tinthu ta hydrogen tokhala ngati tisingano ta kampasi. Maginito amatifoletsa pamzere, mafunde a wailesi n'kutigwedeza, ndiye tikamabwerera m'malo timatulutsa uthenga umene kompyuta imausandutsa chithunzi.

Mphamvu ya maginito amayeza mu tesla. Zipatala za kunja zimagwiritsa ntchito 1.5 kapena 3, ndipo ku Tallahassee ku America kuli labu ya maginito a 45. Kuti MRI ifike pa 1.5, waya wake amazizitsidwa ndi helium yamadzi mpaka -269°C, pamene magetsi amadutsa popanda chotchinga, zomwe Kamerlingh Onnes anatulukira ku Leiden mu 1911. Helium yoteroyo ku Blantyre mukaitenga kuti? A ku Queens anali a 0.35 basi, maginito okhalitsa osafuna helium. Musawadelere: mphamvu imeneyo ndi pafupifupi kuwirikiza 10,000 ya maginito a dziko lapansi.

Makina ofookawa ndi amene anayankha. Mu 2015 Karl Seydel, Sam Kampondeni ndi anzawo anasindikiza zotsatira mu New England Journal of Medicine. Mwa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Chigaza sichitamuka ayi. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, umakankhira pansi n'kupanikiza tsinde lake, pomwe pamayendetsa kupuma. Mwana amasiya kupuma ngakhale mankhwala akupha kale tizilombo.

Ndinawerenga izi pafoni ndili ku yunivesite, ndipo ndinatuluka panja kaye. Mlongo wanga sanajambulidwe, koma "kungosiya kupuma" kuja ndinakuzindikira.

Patchuthi ndinawafotokozera amayi akuyanika usipa pathandala. Anakhala chete, kenako anafunsa: "Ndiye makinawo ali kuti?" Ndinati ku Blantyre, makilomita oposa 300 kuchokera pano. Anati, "Oo," n'kundituma kuti ndikaone ngati neti ya mwana wa achemwali ilibe chibowo.