Kutentha kwa m'thanki ndi majarini a ku Zomba

Majarini amene amapakidwa pabuledi ndi pasikono m'nyumba za ku Zomba amapangidwa ndi mafuta a mbewu, omwe ambiri mwachibadwa ndi amadzimadzi. Kwa zaka zambiri njira yaikulu yowalimbitsira inali kuwalowetsa mpweya wa haidrojeni m'thanki yotentha, ndipo ubwino wa majariniwo unkadalira kwambiri mmene amisiri ankasamalira kutentha kwa m'thankimo.

Pamene Zomba inkakhala likulu la boma la atsamunda mu 1891, mafuta ophikira sankadziwika m'makhitchini ambiri. Ndiwo zamasamba ankatendera ndi nsinjiro, ndipo mafuta a nsatsi anali odzola. Ku Ulaya majarini analipo kale. Anayambitsidwa ndi Hippolyte Mège-Mouriès wa ku France mu 1869, koma ake anali a mafuta a ng'ombe, kotero kuchuluka kwake kunkadalira nyama zophedwa.

Zinthu zinasintha mu 1897, pamene Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens anaona kuti ufa wa chitsulo cha nikeli umathandiza haidrojeni kulumikizana ndi zinthu zina, koma nikeliyo osatha. Iwo ankayesa pa mipweya. Wilhelm Normann wa ku Germany ndiye anachita zomwezo pa mafuta amadzimadzi, ndipo analembetsa njira yake mu 1902. Kampani ya Joseph Crosfield and Sons ya ku Warrington inaitenga njirayo, ndipo mu 1911 Procter & Gamble ya ku America inayamba kugulitsa Crisco, mafuta olimba ochokera ku njere za thonje. Kuyambira pamenepo mbewu iliyonse ya mafuta inasanduka chuma, ndipo maso a makampani analoza ku Africa. Ntchito ya mtedza ya ku Tanganyika, yomwe inayamba mu 1947 n'kulephera pofika 1951, inabadwa chifukwa cha njala ya mafuta ku Britain nkhondo yachiwiri itatha. Kuno kwathu thonje ndi mtedza zinalimidwanso mwamphamvu, ndipo kafukufuku wa thonje anakhazikika ku Makoka, pafupi ndi Thondwe m'boma la Zomba. Katundu womalizidwa ankachokera ku mbali ya Blantyre: Lever Brothers, yomwe inali ndi fakitale ku Limbe, ndiyo inazoloweretsa Amalawi ambiri majarini a Stork, mafuta a Covo ndi sopo wa Sunlight.

Kulikonse kumene mafuta ankalimbitsidwa, ntchito inkayenda mofanana. Mafuta oyeretsedwa amathiridwa m'thanki yachitsulo yotsekeka, mpweya wonse wamba n'kuchotsedwamo, chifukwa haidrojeni akasakanikirana ndi mpweya umenewu amaphulika. Mafutawo amatenthedwa ndi nthunzi yoyenda m'mapaipi, kenako amathiramo nikeli pang'ono, n'kutsegula haidrojeni uku chotakasira chikuzungulira. Ntchito yambiri imachitika pakati pa madigiri 120 ndi 220.

Vuto lake ndi lakuti haidrojeni akayamba kulowa, mafutawo amatulutsa kutentha okha. Akatswiri amayeza mmene ntchito yafikira ndi muyeso wotchedwa nambala ya ayodini, womwe umatsika mafuta akamalimba. Nambalayi ikatsika ndi 1, kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 1.6. Mafuta a soya amayambira cha pa 130, choncho kuwatsitsa kufika pa 75 kungawonjeze madigiri oposa 80 ngati palibe woziziritsa. Ndipo kutentha kukakwera ntchito imathamanga, ikathamanga kutentha kumakweranso. N'chifukwa chake nthunzi imatsekedwa msanga, m'mapaipi n'kuyamba kuyenda madzi ozizira. Mmisiri wa pathanki amathera nthawi yambiri akuziziritsa osati akutenthetsa.

Amafunikanso kudziwa poimira. Mafuta olimbitsidwa mpaka mapeto amasungunuka pa madigiri oposa 60, ndipo m'kamwa amamveka ngati kandulo. Majarini abwino amasungunuka pafupi ndi madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu. Boma la Zomba lokha likuonetsa kuvuta kwa zimenezi. Majarini omwewo ayenera kupakika m'mawa wa Julaye ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri pamene chifunga chimagwa, komanso asayenderere pashelefu ya golosale yopanda firiji ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mu Okutobala. Majarini a m'mayiko otentha amapangidwa olimbirapo pa chifukwa chimenechi.

Mafakitale ambiri ankakonda kutentha kwambiri ndi haidrojeni wochepa. Njirayi inali yachangu, inkachotsa zigawo za mafuta zomwe zimanunkha msanga, ndipo inkatulutsa majarini opakika bwino. Koma haidrojeni akachepa pankhope ya nikeli, tizigawo tina ta mafuta timangotembenuka maonekedwe popanda kumulandira, n'kukhala mafuta otchedwa trans. Kwa opanga, mafuta amenewa sanali chilema. Ndiwo ankathandiza majarini kulimba bwino, ndipo kutentha kunkakwezedwa dala kuti achuluke.

Mu 1990 Ronald Mensink ndi Martijn Katan a ku Netherlands anasonyeza kuti mafuta a trans amachulukitsa kolesiterolo woipa m'magazi n'kuchepetsa wabwino, zomwe zimawonjezera matenda a mtima. Denmark inaika malire mu 2003, akuti mafuta a trans asapitirire magalamu 2 pa magalamu 100 a mafuta. South Africa, komwe kumachokera zakudya zambiri za m'masitolo a ku Zomba, inaika malire omwewo mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linapempha mayiko onse kuwachotseratu.

Kutsitsa kutentha ndi kuwonjezera mphamvu ya haidrojeni kumachepetsa mafuta a trans, koma ntchito imachedwa ndipo mafutawo satheratu. Opanga ambiri anangosintha njira. Ena amalimbitsa gawo la mafuta mpaka mapeto, pomwe a trans amatsala ochepa kwambiri, n'kulisakaniza ndi mafuta amadzimadzi. Ena amagwiritsa ntchito mafuta a kanjedza ochokera ku Malaysia ndi Indonesia, omwe gawo lina limalimba lokha popanda haidrojeni.