Kuchoka pa chitupa kufika pa regi: mbiri ya unzika kuno ku Chipata

Kuchokera pa msika wa Kapata kukafika pa malire a Mwami sipakwana makilomita 30, ndipo m'mabanja ambiri a kuno simulephera kukhala malume wa ku Mchinji kapena agogo a ku Kasungu. Malire amenewa anapeza anthu ali kale m'midzi yawo. Achewa anali pansi pa Undi kuyambira kalekale, Angoni a Mpezeni anadzakhazikika cha m'ma 1870. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire a Mozambique, ndipo Angerezi pogawa dera lawo anangotsata madzi: kumene mitsinje imathira m'nyanja ya Malawi kunakhala Nyasaland, kumene imathira mu Luangwa kunatsala kuno. Kampani ya British South Africa itagonjetsa Mpezeni mu 1898 inamanga Fort Jameson, Chipata wa lero, amene anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911.

Atsamunda analibe nazo ntchito zoti munthu wakuda ndi nzika ya kuti. Chimene ankafuna ndi msonkho, ndipo chitupa chinali chosonyeza kuti uyu ndi wa mfumu iti, wakhoma kapena sanakhome. Anthu ankangodutsana. David Kaunda, mphunzitsi wa mishoni ya Livingstonia, anachoka ku Nyasaland kukalalikira ku Chinsali, ndipo mwana wake Kenneth anabadwira pa Lubwa mu 1924. Ena anatsikira kumwera kukasaka ntchito: Rupiah Banda anabadwira ku Gwanda, ku Southern Rhodesia, mu 1937, makolo ake ali paulendo wotere. Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chinaika Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland pansi pa boma limodzi. Chitupa chokha ndicho anthu anadana nacho, moti pa chipolowe cha Cha Cha Cha mu 1961 ambiri anachiponya pamoto, makamaka kumpoto ndi ku Luapula.

Mu 1964 mbendera zinakwera ziwiri, ya Malawi pa 6 Julaye, ya Zambia pa 24 Okutobala. Kuyambira pamenepo funso lakuti ndiwe wa kuti linakhala la m'malamulo. Poyamba yankho silinali lovuta: amene anabadwira mu Northern Rhodesia ali wotetezedwa ndi Britain anasanduka nzika tsiku lomwelo la ufulu. Munthu wamkulu sankaloledwa kukhala nzika ya maiko awiri, n'chifukwa chake Kenneth Kaunda yemwe, ali pampando wa upulezidenti, analengeza mu 1970 kuti alibenso gawo pa unzika wa Malawi. M'malo mwa chitupa munabwera regi, yobiriwira kwa nzika. Koma m'kupita kwa zaka malamulo analeka kufunsa kumene munthu anabadwira, nayamba kufunsa amene anamubereka. Kusintha kumeneku n'kumene kwavutitsa anthu a kum'mawa kuposa kwina konse, pakuti kufunsa za makolo ndiko kufunsa za nthawi imene kunalibe mapepala.

Andale anazindikira msanga kuti funso limeneli ndi chida. MMD ya Frederick Chiluba italowa m'boma mu 1991, akuluakulu awiri a UNIP, chipani cha Kaunda, anaona zakuda. William Banda, amene anakhalapo bwanamkubwa wa boma la Lundazi, ndi John Chinula anapitikitsidwira ku Malawi mu 1994, boma likunena kuti si a Zambia. Chodabwitsa n'chakuti khoti la ku Malawi nalonso linagamula kuti si Amalawi. Anthu awiri amene anagwira ntchito za dziko zaka zambiri anapezeka alibe kwawo, kuno akuwakana, uko akuwakana. Chinula anamwalira komweko asanabwerere. Mu 1999 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Banjul, linapeza kuti Zambia inalakwa pa nkhaniyi. William Banda anadzabwerera patapita zaka, ndipo, poti ndale zilibe manyazi, anadzakhala wapampando wa MMD yomweyo m'chigawo cha Lusaka.

Nsomba yaikulu imene ankaiwedza inali Kaunda. Mu 1996 malamulo oyendetsera dziko anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri a Zambia mwa kubadwa kapena mwa mtundu. Aliyense anadziwa amene lamulolo linalembedwera, ndipo UNIP inanyanyala chisankho cha chaka chimenecho. Koma msamphawo unakolanso mwini wake. Akashambatwa Mbikusita-Lewanika ndi anzake anakasuma kuti bambo ake a Chiluba sanali a kuno. Khoti la Supreme mu 1998 linakana dandaulolo, ndipo linakumbutsa mfundo imene olemba lamulo anaiponda: unzika wa Zambia unayamba pa 24 Okutobala 1964, tsikulo lisanafike kunalibe Mzambia mwa lamulo. Ngakhale zinali choncho, mu Malichi 1999 khoti lalikulu la ku Ndola linagamula kuti Kaunda, amene analamulira zaka 27, alibe dziko. Nkhaniyo inazilala mu 2000 itafika ku Supreme.

Zotsatira zake zinali ngati sewero. Michael Sata anabwezedwa ku Malawi mu 2007 akupita kukaona Bakili Muluzi, pulezidenti wakale wa dzikolo, anamukweza galimoto mpaka kudzamutula pa Mwami. Mu 2011 chipani chake cha PF chinayesa kuletsa Rupiah Banda kupikisana pa upulezidenti ponena kuti bambo ake anali a ku Nyasaland, koma sizinaphule kanthu. Sata atamwalira mu 2014 ali pulezidenti, wachiwiri wake Guy Scott, wobadwira ku Livingstone kwa makolo ochokera ku Britain, anagwirizira upulezidenti miyezi itatu koma sanaime pa chisankho chotsatira.

Lamulo la makolo linachotsedwa pa 5 Januwale 2016, pamene Pulezidenti Edgar Lungu anasaina malamulo osinthidwa pa bwalo la Heroes ku Lusaka. Kuyambira apo Mzambia akhoza kutenga unzika wa dziko lina osataya wake, ndipo amene anautaya kale akhoza kupempha kuti ubwezedwe, ngakhale kuti wa unzika uwiri sangakhale pulezidenti. Mwana ndi nzika ngati kholo limodzi ndi nzika, kaya mayi kaya bambo, zimene zikugwirizana bwino ndi Achewa, amene mwana amamuwerengera kuchimayi. Mwana wosapitirira zaka 8 wopezeka m'dziko muno makolo ake osadziwika amatengedwa kuti ndi nzika. Mlendo wa zaka 18 kapena kuposa akhoza kupempha unzika atakhala muno zaka 10 mosadukiza, ndipo wokwatira kapena wokwatiwa ndi nzika akhoza kupempha banja litatha zaka 5. Malawi nayo inavomera unzika uwiri patapita zaka zochepa, ndipo mu 2022 pa Mwami ndi Mchinji panatsegulidwa chipata chimodzi chogwirira ntchito maiko onse awiri.

Kunena zoona, malamulo a 2016 anapepukitsa kwambiri andale ndi ana a Zambia okhala ku London kapena Johannesburg, amene ali ndi mapasipoti ndi maloya. Mkamwini wa ku Mchinji amene anadzakwatira m'dera la Mfumu Mpezeni zaka makumi atatu zapitazo, nalima fodya, nabereka ana, ali ndi vuto lina. Iye sanadutse pa chipata, anadzera njira ya kumadimba imene makolo ake ankadzera. Bungwe loona za unzika limakhala ku Lusaka, ndipo limafuna umboni wa pepala kuti zaka zonsezo munthu anakhala muno mololedwa, kuphatikiza ndalama za mafomu ndi chidziwitso cha m'nyuzipepala. Mkamwini wotere pepala alibe, ndipo akaonekera ku ofesi ya imigireshoni kuti akonze zinthu, akudziulula yekha kuti wakhala muno popanda chilolezo. Ambiri amangokhala chete. Momwemonso ena mwa othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene sanapite ku Ukwimi ku Petauke koma analowerera m'midzi ya abale awo ku Chadiza ndi Katete.

Ana awo ndiwo amakumana nazo akakwanitsa zaka 16. Pa regi pamalembedwa mudzi, mfumu ndi boma, ndipo mnyamata wopanda satifiketi ya kubadwa amayenera kubwera ndi kholo kapena wachibale wokhala ndi regi yake kuti adzalumbire kuti mwanayu ndi wawo. Ngati mayi ali moyo ndipo regi yawo ilipo, nkhani imatha tsiku lomwelo. Ngati mayi anamwalira, regi inapsa ndi nyumba, bambo ndi uja wa ku Mchinji, kalaliki amayamba kufunsa za nyakwawa ndi za kadi la kusikelo. Wina amabwezedwa kuti akabwere ndi malume ake. Kufikira malumewo atapezeka, sangalembetse simu kadi m'dzina lake, sangatsegule akaunti kubanki, sangalowe m'kaundula wa feteleza wotsika mtengo, ndipo sangavote.