Mapiri a Nyanga ndi Anthu a m'Malokeshoni a Halale

Kuchoka ku Harare kupita ku Nyanga ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 270, kudzera ku Rusape. Kumeneko ndi kozizira, kuli nkhalango za paini, mitsinje yoyera, ndi phiri la Nyangani lotalika mamita 2,592, loposa mapiri onse a m'Zimbabwe. Kwa zaka zambiri ndithu, kunali kopumulira azungu a ku Salisbury. Anthu amene ankawaphikira, kuwachapira ndi kuwatchetchera kapinga ankakhala ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland, anthu amene mzindawu ankautchula kuti Halale. Nkhani ya Nyanga siikwanira ngati tiwasiya kunja.

Cecil Rhodes anagula malo aakulu ku Inyanga, monga ankakutchulira nthawi imeneyo, cha m'ma 1896. Atamwalira mu 1902, malowo anasiyidwa m'manja mwa boma, ndipo m'kupita kwa nthawi anasanduka paki. Nyumba yake ya pafamu ndiyo inakhala hotela yotchedwa ndi dzina lake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, azungu ambiri anasamukira ku Rhodesia kuchokera ku Britain, ndipo ankafuna malo owakumbutsa kwawo. Mu 1947 Major Herbert MacIlwaine anayambitsa Troutbeck, nakumba madamu, naikamo nsomba za trout. Kumwera, m'mapiri a Vumba, hotela ya Leopard Rock inatchuka mu 1953 italandira Mfumukazi Elizabeth, mayi wake wa Elizabeth II, pamodzi ndi Princess Margaret.

Koma mapiriwa sanali opanda eni. Makoma amiyala ndi mizere ya minda yakale, zomwe zikuonekabe ku Ziwa, ndi umboni woti anthu analima kumeneko zaka mazana ambiri Rhodes asanabadwe. Lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linagawa dziko potsata khungu, ndipo mbali yaikulu ya mapiri inagwera azungu. Anthu a mfumu Rekayi Tangwena anauzidwa kuti ndi olowerera pa famu ya Gaeresi, pamene makolo awo anagona. Anakana kuchoka. Mu 1969 boma linawagwetsera nyumba, iwo n'kuthawira m'mapiri momwemo. Alendo akuwedza nsomba ndi kuwotha moto ku Troutbeck, m'boma lomwelo munali mabanja ogona m'tchire.

Munthu wakuda ankalowa m'mahotelawa atavala yunifolomu. Amalawi anali ndi mbiri yodziwa kuphika ndi kusamala nyumba. Ena anabwera wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena kudzera mwa Mthandizi. Malokeshoni a Mabvuku ndi Tafara, kum'mawa kwa mzinda, anadzaza ndi antchito a m'nyumba za azungu a ku Highlands ndi Greendale. Bwana akapita kutchuthi, khukhi ankatsala kulondera nyumba, kapena ankatengedwa kukapitiriza ntchito yomweyo kumapiri, kudzuka mbandakucha chisanu chili mbuu kuti akoleze moto. Phiri ankalidziwa bwino, koma ankalionera pawindo la kukhitchini. Akuluakulu anati kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna.

Kukanizidwa malo opumulira sikunachitikire ife tokha. Ku America, mu 1877, hotela ya Grand Union ku Saratoga Springs inabweza Joseph Seligman, mwini banki wotchuka, chifukwa anali Myuda. Mahotela ambiri ankachita chimodzimodzi. Ayuda a ku New York anayankha pogula mafamu m'mapiri a Catskill n'kuyamba kulandira anzawo. Banja la Grossinger linayamba ndi kanyumba ka pafamu mu 1914, ndipo kanakula n'kukhala hotela yodziwika dziko lonse. Mahotela otere anafika mazanamazana. M'menemo mabanja ankadya chakudya chololedwa ndi chipembedzo chawo, anyamata ankapeza mbeta, ndipo azisudzo monga Mel Brooks ndi Jackie Mason anaphunziriramo kuseketsa anthu.

Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zikusiyana. Myuda ankakanizidwa ndi mwini hotela, koma lamulo silinamuletse kugula phiri lake. Munthu wakuda wa ku Salisbury ankakanizidwa ndi lamulo lenilenilo, lomwe linakhwimitsidwanso ndi Land Tenure Act ya 1969. Ngakhale akanakhala ndi ndalama, sakanagula malo pafupi ndi Troutbeck. Tsono mpumulo wake anaumanga m'lokeshoni momwemo.

Ku Mbare kunali maholo a Stodart ndi Mai Musodzi, kumene magulu oimba ankasangalatsa anthu kumapeto kwa sabata. Mu 1972 George Tawengwa, mwini mabasi, anatsegula hotela ya Mushandirapamwe pa Machipisa ku Highfield. Dzinali m'Chishona likutanthauza kugwirira ntchito pamodzi. Inali hotela ya munthu wakuda, kumene mphunzitsi kapena kalaliki ankakhala pampando n'kuitanitsa chakumwa popanda womuloza khomo la kuseri. Monga zinalili ku Catskill, malo a anthu okanidwa anabala luso. Highfield ndi kwawo kwa Oliver Mtukudzi, ndipo m'mahotela ndi m'mabawa a m'malokeshoni ndi mmene nyimbo za Thomas Mapfumo zinakulira.

Kwa Amalawi nkhaniyi inali ndi mbali ina. Mshona tchuthi chikakwana ankakwera basi pa Mbare Musika kupita kumudzi. Wa ku Dedza kapena ku Mangochi mudzi unali kutali, ulendo wodula, ndipo kubwerera chimanjamanja kunali kochititsa manyazi. Ambiri anasanduka matchona. Posowa mudzi wopitako, anabweretsa mudziwo m'tauni. Lamlungu masana ng'oma za gule wamkulu, yemwe Ashona amamutcha zvigure, zinkalira ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa. Ayao anali ndi mizikiti yawo, a CCAP ankapemphera m'Chichewa, ndipo mabungwe othandizana pamaliro ankasonkhanitsa anthu a kumudzi kumodzi. Kumeneko munthu amene sabata yonse ankaitanidwa kuti boyi ankamva dzina la mfunda wake, a Phiri, a Banda, a Mwale. Nyimbo za sungura zinamera m'nthaka yomweyo ya anthu obwera, ndipo Alick Macheso, wobadwira pafamu, amaimba m'Chichewa mpaka lero.

Nkhondo yaufulu inafika ku Nyanga mwamphamvu chifukwa ndi m'malire a Mozambique. Mu 1975 Rekayi Tangwena ndiye anawolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kudzera m'mapiri omwewo. Alendo anatha, Leopard Rock inawomberedwa n'kutsekedwa, ndipo inatsegulidwanso mu 1993. Malamulo atsankho pa malo anachotsedwa mu 1979, ufulu n'kubwera mu 1980.

Mahotela a ku Catskill anafa zitseko zina zitatseguka. Tsankho litachepa ndiponso ndege zitatsika mtengo, ana a eni malowo anayamba kupita kwina. Grossinger's inatsekedwa mu 1986, Concord mu 1998. Nyanga sinafe. Lero m'mahotela ake mumachitika misonkhano ya boma ndi ya makampani, maukwati, ndi maulendo a ana asukulu, ndipo alendo ambiri ndi akuda. Chotchinga chatsala ndi ndalama. Mdzukulu wa khukhi wa ku Tafara, amene mwina anavutikanso kupeza chitupa cha unzika kufikira malamulo a 2013 atasintha zinthu, palibe angamubweze pageti. Koma ngati amagulitsa tomato pamsika, mtengo wa usiku umodzi ku hotela ngati Troutbeck sangaufikire. Tchuthi chake chidakali cha Lamlungu masana, pabwalo la m'lokeshoni, pamene agogo ake anachisiya.