Mankhwala Otsanzira Mahomoni ndi Kugona kwa Mbozi M'nthaka

Mbozi yoboola thonje, yomwe akatswiri amaitcha Helicoverpa armigera, imaononganso nandolo, matimati ndi chimanga. Ikakhwima imalowa m'nthaka ndi kusanduka chikwa, ndipo m'nyengo yotentha gulugufe wausiku amatulukamo pakatha pafupifupi masabata awiri. Koma kukazizira, masana n'kufupika, chikwacho chingathe kugona miyezi ingapo osakula, kudikira nyengo yabwino. Umu ndi momwe mbozi zina zimapulumukira kufikira mbewu zitameranso.

Kugona ndi kudzuka kumeneku kumalamulidwa ndi mahomoni. Homoni ya ecdysone ndiyo imayambitsa kufundula ndi kusandulika. Ikaleka kupangidwa, chikwa chimagona. Homoni ina, ya ubwana, imasunga mbozi kuti ikhalebe mbozi, ndipo imayenera kuchepa kuti gulugufe aumbike. M'chaka cha 1956, Carroll Williams wa ku yunivesite ya Harvard anakwanitsa kutenga homoni ya ubwanayi m'matupi a agulugufe ausiku, ndipo pambuyo pake analimbikitsa ganizo lopha tizilombo ndi mahomoni awo omwe.

Lero alipo mankhwala otsanzira mahomoniwa. Methoprene ndi pyriproxyfen amatsanzira homoni ya ubwana: akafika m'thupi pa nthawi yosandulika, chikwa chimafa kapena gulugufe amatuluka wopunduka. Tebufenozide ndi methoxyfenozide amatsanzira ecdysone: mbozi ikawadya imasiya kudya, imayamba kufundula nthawi isanakwane, n'kufa. M'chaka cha 2011, ofufuza a ku America, mwa iwo David Denlinger, anasonyeza pa mbozi ya Helicoverpa zea kuti mankhwala opangidwa motengera homoni yodzutsa chikwa angathe kuchiletsa kugona, kuchidzutsa msanga kapena kuchilepheretsa kudzuka. Gulugufe wotuluka pa nthawi yopanda chakudya sasiya mbewu yake.

Alimi adziwe kuti mankhwala opopera amtunduwu amagwira bwino pa mbozi zazing'ono zomwe zikudya masamba, ndipo chikwa chobisika m'nthaka sachifikira. Sapha nthawi yomweyo: mbozi imafa pakapita masiku, choncho mlimi asafulumire kupoperanso kapena kuonjezera mlingo. Zikwa za m'nthaka zimachepa pogalauza munda mukakolola, pakuti zimaphwanyika kapena kudyedwa ndi mbalame ndi nyerere.

Ogulitsa akukumbutsidwa kugulitsa mankhwala okhawo ovomerezedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, ali m'mabotolo ake enieni okhala ndi malangizo. Mlimi asanagule, afunse mlangizi wa zaulimi wa m'dera lake.