Mipingo 7 inasanduka bwanji mpingo umodzi?

Omvera anzanga, lero tiwoloke Rovuma pang'ono, ndikuuzeni za Alutera a ku Tanzania. Amishoni a ku Berlin anafika kumpoto kwa nyanja yathu ya Niassa mu 1891, pomwe a ku Leipzig anakhazikika ku Kilimanjaro mu 1893. Aliyense anali ndi dera lake, chinenero chake ndi kapembedzedwe kake.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Angerezi anachotsa amishoni Achijeremani. Akhristu anatsala ngati ana amasiye, ndipo aphunzitsi ndi alaliki a komweko ndiwo anasenza ntchito. Apa m'pomwe anaona kuti mutu umodzi susenza denga.

Mu 1938 mipingo 7 inapanga chigwirizano, koma uliwonse unkadzilamulirabe wokha. Mu 1963, dziko litalandira kale ufulu, m'pamene inakhala mpingo umodzi, umene pa Chiswahili amati KKKT. Mtsogoleri wake woyamba anali Stefano Moshi.

Ine chondigwira mtima ndi zaka 25 zodikira zija. Ifetu kuno tikangosemphana mawu pamsonkhano umodzi, basi gulu latha! Anzathuwa ankakumanabe, kukambirana mpaka kumvana. Nanga magulu athuwa tikuwapatsa zaka zingati, abale?