Mawu Amene Njala Idatisiyira

M'Chichewa liwu loti njala limasenza katundu wolemera. Mwana akachedwa kudya nsima ya masana amati ali ndi njala, ndipo nkhokwe zikauma m'dziko lonse mpaka maliro kuchuluka, timatinso kwagwa njala. Chingerezi chimagawa katunduyu panayi: hunger, malnutrition, starvation ndi famine. Ambiri mwa makolo athu sadaphunzire mawu a mtunduwu m'kalasi. Adawamva kwa atsamunda, kusikelo ya ana ndi pamzere wolandirira chakudya. Mbiri ya boma la Karonga imationetsa bwino m'mene mawuwa adabwerera.

M'chaka cha 1892 mliri udagwa pa ng'ombe za Angonde, anthu amene moyo wawo udatsamira pa nthochi ndi mkaka. Udawapeza ali kale pamavuto a nkhondo ya Mlozi, yomwe idayamba mu 1887 n'kutha mu 1895. Makola adatsala pululu. Azungu adalemba m'mabuku awo kuti rinderpest, liwu lomwe nawonso adachita kubwereka ku Chijeremani, lotanthauza mliri wa ng'ombe basi.

Pa 9 September 1914 asilikali a Britain ndi a Germany adamenyana pa Karonga. M'zaka zotsatira amuna ambiri adasiya makasu n'kukhala amtengatenga, ndipo chakudya cha m'midzi chidapita kwa ankhondo. Apa ndi pomwe anthu adadziwana ndi liwu loti ration, chakudya choyeza pamuyeso, chomwe ife timati phoso. Munthu wozolowera kutapa m'nkhokwe yake adaphunzira kuti mimba nayo ikhoza kulembedwa m'kaundula.

Mawu ena adadza ndi achipatala. Mu 1935 dotolo wina, mayi Cicely Williams, amene ankagwira ntchito m'dziko lomwe lero ndi Ghana, adalemba za nthenda yotupitsa ana miyendo ndi kufiiritsa tsitsi. Adaitchula kwashiorkor, monga ankaitchulira anthu a mtundu wa Ga, kutanthauza nthenda ya mwana amene walandidwa bere ndi mng'ono wake. Agogo athu ankaidziwa kale nthendayi, ankati utumbidwa. Choncho mwana wa sukulu ku Chilumba kapena ku Kaporo akamavutika kuloweza liwuli poyesa kuti ndi Chingerezi chozama, akuloweza nzeru za amayi a mu Africa momwe muno. Chimene sayansi idawonjeza n'chakuti mwana akhoza kukhuta koma n'kumafota. Kondowole amadzaza mimba, koma popanda usipa, nyemba kapena mtedza samanga thupi. Imeneyo ndiyo malnutrition, kunyentchera kwa munthu amene mwina sadagone ndi njala.

Liwu loti starvation lidachokera ku liwu la Chingerezi chakale lotanthauza kufa. Thupi likasowa chakudya limayamba latha mafuta ake, kenako limadya minofu yake yomwe. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amayeza mkono wa mwana ndi kalamba ka mitundu itatu. Mkono ukachepera masentimita 11.5 kalambako kamaonetsa kufiira, ndipo mwanayo amayamba kulandira chiponde.

Koma liwu lolemera koposa ndi famine. M'miyezi yoyamba ya 2002 anthu ankafa m'midzi ya dziko lino, chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa kale, pamene akuluakulu ankatsutsanabe ngati vutolo lidafika poyenera dzinali. Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pangozi kumapeto kwa February, ena titawaika kale m'manda. Masiku ano mabungwe a dziko lonse ali ndi muyeso wa liwuli: mabanja 20 mwa 100 alionse akhale opanda chakudya, ana 30 mwa 100 akhale onyentchera kwambiri, ndipo anthu 2 mwa 10,000 azifa tsiku lililonse.

Taonani kuti thandizo lalikulu limadikira liwu limene limatchulidwa manda atayamba kale kudzaza. Mlimi wa mpunga m'madambo a Karonga, amene mtsinje wa Rukuru wam'kokolera munda, sayenera kudikira famine. Iye, mfumu yake ndi phungu wake akadziwa kusiyana kwa mawu anayi aja, adzatha kukuwa vuto likadali pa liwu loyamba, m'chiyankhulo chimene osunga makiyi a nkhokwe amamva.