Madzi a ku Mahad ndi Malumbiro a ku Nagpur

Pa 14 Okutobala 1956 mu mzinda wa Nagpur, pakatikati pa dziko la India, anthu osachepera 300,000 ovala zoyera anasonkhana pabwalo kudzasiya chipembedzo cha makolo awo. Wowatsogolera anali Dr. B. R. Ambedkar, amene kufikira 1951 anali nduna ya zamalamulo m'boma la Nehru. Iye ndi mkazi wake ndiwo anayamba kulandiridwa m'Chibuda ndi wansembe wokalamba wochokera ku Burma, U Chandramani, ndipo atatero anatembenukira khamu lija nalilumbiritsa yekha. Ambirife tikamva za Chibuda timaganiza za munthu wokhala phee patsinde pa mtengo, wotsinzina, wothawa anthu. Koma a ku Nagpur aja chimene anali kufuna ndicho kuloledwa kukhala pakati pa anthu, ndipo kuti timvetse bwino tiyenera kuyambira pa madzi akumwa.

Pakati pa Ahindu munthu amabadwira m'gulu lotchedwa jati, ndipo mwa mwambo gululo ndilo linkamuuza ntchito yake, banja lokakwatirako ndi amene angadye naye. Pansi pa magulu onse panali anthu amene thupi lawo ankaliyesa lodetsa, kotero kuti wowakhudza ankayenera kukasamba. Ambedkar anabadwa m'chaka cha 1891 mwa Amahar, limodzi la magulu otere. Amahar ankakhala kunja kwa mudzi. Ntchito zawo zinali kulonda, kupereka mauthenga ndi kukoka ng'ombe zofa zokha, ndipo malipiro ake kawirikawiri anali makombo. Iye mwini analemba kuti kusukulu ankakhala payekha pa chiguduli chobwera nacho kuchokera kwawo, ndipo akamva ludzu sankaloledwa kugwira mpopi, ankadikira mesenjala kuti amtsegulire. Tsiku limene mesenjala sanabwere, mwanayo ankaweruka kukhosi kuli gwa.

Anzanga amene mukhulupirira kuti digiri imatsuka chilichonse, imvani izi. Mnyamatayu anakaphunzira ku Columbia mu mzinda wa New York, ndiponso ku London. Atabwerako m'chaka cha 1917 kukagwira ntchito m'boma la mfumu ya ku Baroda, amene anamlipirira sukulu, amesenjala osadziwa n'kuwerenga komwe ankamponyera mapepala patebulo poopa kukhudzana naye, ndipo malo ogona anamsowa mumzinda monse.

Pa 20 Malichi 1927 Ambedkar anatsogolera anthu zikwizikwi kupita ku dziwe la Chavdar m'tauni ya Mahad. Lamulo linali litawalola kale kutunga pamenepo, koma panalibe wolimba mtima kuyesa. Iye anatsikira m'mphepete, natunga ndi manja, namwa. Tsiku lomwelo anthu ake anamenyedwa, ndipo pambuyo pake eni tauni anathira m'dziwemo ndowe, mkodzo wa ng'ombe ndi mkaka, ati kuliyeretsa. Tangoganizani: ng'ombe imwe, ndowe zake ziyeretse, koma dzanja la munthu lidetse! Mlandu wa dziwelo unatha zaka khumi, ndipo bwalo lalikulu la ku Bombay linaweruza mokomera osakhudzidwawo m'chaka cha 1937. Koma pofika apo mtima wake unali utatuluka kale, pakuti ku Yeola m'chaka cha 1935 analengeza kuti kubadwa Mhindu sanachite kusankha, koma sadzafa ali Mhindu.

Kuchokera ku Yeola kufika ku Nagpur panapita zaka 21, ndipo zaka zimenezi ndizo zimandichititsa kukana anthu onena kuti iye anangopsa mtima. Anayamba wayesa njira ya lamulo mpaka pamapeto pake. Ndiye anali wapampando wa komiti yolemba malamulo oyendetsera dziko la India, amene anayamba kugwira ntchito pa 26 Januwale 1950, ndipo ndime 17 ya malamulowo inathetsa mwambo wa kusakhudzana. Komabe iye yemweyo anachenjeza aphungu kuti dziko likulowa m'moyo wodzitsutsa, wakuti poponya voti anthu adzalingana pamene kumudzi adzakhalabe wina pamwamba wina pansi. Lamulo litha kutsegula chitsime, koma silingalowe mumtima mwa mayi amene akutaya madzi a mumtsuko wake chifukwa mnansi waukhudza. Popeza tsankholo linali ndi mizu m'chipembedzo, iye anaona kuti lingazulidwe ndi chipembedzo china.

Nanga anasankhiranji Buddha? Anaganizirapo za Asikh, Asilamu ndi Akhristu, koma anaona kuti jati imatsata munthu mpaka m'tchalitchi. Chibuda chinali chobadwira m'India momwemo, chinkana chinali chitazilala kwa zaka mazana ambiri, ndipo m'mabuku ake akale munali nkhani zonga ya Upali. Upali anali wometa akalonga a fuko la Sakya. Akalongawo atafuna kulowa m'gulu la otsata Buddha lotchedwa sangha, wometayo ndiye anayamba kulandiridwa, ndipo popeza m'sangha ukulu umawerengedwa kuyambira tsiku lolowa, akalonga anayenera kugwadira wantchito wawo. Kwa Mmahar iyi sinali nthano wamba.

Ambedkar sanatenge Chibuda monga anachipezera. M'buku lake, The Buddha and His Dhamma, limene linatuluka m'chaka cha 1957, mavuto amene Buddha anadza kudzathetsa ali makamaka amene anthu amachitirana. Ngakhale chifukwa chimene Siddhartha anachokera kwawo anachifotokoza mwina: sanathawe poona nkhalamba, wodwala ndi mtembo, koma anakana nkhondo imene Asakya anafuna kuthira Akoliya polimbirana madzi a mtsinje wa Rohini. Madzi omwe aja! Mwa malumbiro 22 a ku Nagpur, ena anali okana milungu ya Chihindu ndi miyambo yochititsidwa ndi ansembe a Chibrahmin, ena okhulupirira kuti anthu onse ndi olingana ndi kuyesetsa kuti zitero.

Abuda ena anadandaula kuti izi ndi ndale zovala nsalu ya chipembedzo. Ine sindiwamvera chisoni kwenikweni, chifukwa mbiri yawo ili ndi banga lomweli. Ku Sri Lanka gulu la ansembe la Siam Nikaya, limene linayamba m'chaka cha 1753, linafika pomalandira a jati ya Govigama okha, mpaka a magulu ena anachita kuwoloka nyanja kukadzozedwa ku Burma. Nkhani ya Upali anali kuidziwa bwino lomwe, koma madzi saiwala khwawa.

Ambedkar anamwalira pa 6 Disembala 1956, pasanathe miyezi iwiri chilumbirireni. Kalembera wa 1951 anapeza Abuda osakwana 200,000 m'India; wa 1961 anapeza oposa mamiliyoni atatu, ndipo wa 2011 oposa mamiliyoni asanu ndi atatu, ochuluka a iwo ku Maharashtra. Koma kusintha kumene ine ndikuyesa kwakukulu sikulowa m'kalembera. M'midzi yambiri Amahar analeka kukoka ng'ombe zakufa ndi kupempha makombo. Anasiya moni wakale wa wantchito kwa mbuye wake nayamba kulonjerana kuti Jai Bhim, potchula dzina la Bhimrao Ambedkar. Anatumiza ana kusukulu, ndipo mwa ana amenewo munatuluka alembi onga Namdeo Dhasal ndi Daya Pawar. Zonsezi analipira, pakuti boma la ku Delhi linawachotsa pa mndandanda wa osungiridwa malo a sukulu ndi a ntchito, ati salinso Ahindu, kufikira lamulo litasintha m'chaka cha 1990.

Anansi awo ndiwo sanalumbire kanthu ku Nagpur. M'chaka cha 1978 nyumba ya malamulo ya Maharashtra inagwirizana zotcha yunivesite ya Marathwada dzina la Ambedkar. Ophunzira anzathu a magulu apamwamba ndiwo anayamba kunyanyala, chipolowe chinafalikira m'midzi, nyumba za Abuda atsopano ndi osakhudzidwa ena zinatenthedwa, ndipo anthu anafa. Dzinalo linadzalembedwa pachipata pa 14 Januwale 1994, patapita zaka 16, ndipo pofuna kuziziritsa mitima ya okana aja dzina lakale silinafafanizidwe, la Ambedkar anangoliwonjezera kutsogolo kwake.